Galu wa Mzere Pamsana

Kuno ku Chongwe ndimamva anthu akutama galu wa mzere pamsana kuti amapha mkango. Ayi ndithu, saupha. Mlenje Cornelius van Rooyen, amene anamwalira mu 1915, ankafuna galu wozinga mkango, kuuwa ndi kuzemba zikhadabo mpaka mwini mfuti afike. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona galu wothamanga chonchi atamangidwa tcheni pageti. Van Rooyen anakweretsa agalu ake osakira ndi agalu awiri aakazi amene Abusa Charles Helm anabwera nawo ku Hope Fountain, pafupi ndi Bulawayo. Mzerewo, ubweya womera cholozera kumutu, unachokera kwa agalu a Akhoikhoi. Mu 1922 Francis Barnes analemba maonekedwe ovomerezeka a mtunduwu, womwe lero timautcha Rhodesian Ridgeback.