MSANA WOPWETEKA: KODI KUTIKITA KUMATHANDIZA?

Nyengo yopalira ndi yokumba mbatata ya kachewere ikafika kuno ku Angónia, dandaulo limakhala limodzi: "Ndikawerama, kuti ndiweramuke ndi nkhondo." Ena mwa inu mwakhala ndi ululu umenewu kwa zaka, ndipo madzulo aliwonse mumaitana mwana kuti akupondepondeni pamsana. Lero tikambirane za chithandizo cha manja, pomwe chimathandiza ndi pomwe chingakupwetekeni.

Choyamba, dziwani kuti simuli nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la OMS linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Ululu ukapitirira miyezi 3, achipatala amautcha wokhalitsa. Mwa anthu ambiri otere, palibe fupa lothyoka kapena nthenda yoopsa mkati. Minofu imakhala yatopa ndiponso yauma, munthu amayamba kuopa kusuntha, ndiye minofuyo imaumiratu.

Apa ndi pamene kutikita kumagwira ntchito. Manja ofunda akamasisita bwino, minofu yokungika imafewa, ululu umachepa, ndipo munthu amagona tulo. M'chaka cha 2023, OMS inatulutsa malangizo a ululu wokhalitsa wa msana, ndipo inaika kutikita pakati pa njira zimene zingaperekedwe, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi komanso kuphunzitsa wodwala. Malamba omanga m'chiuno aja, amene ena amagula modula, bungweli linati asamagwiritsidwe ntchito pa vutoli.

Kodi mungatikite bwanji kunyumba? Wodwala agone chafufumimba pamphasa, chitenje chopinda chili pansi pa mimba. Muyambe ndi kumuthowa: viikani nsalu m'madzi ofunda, osati owira, finyani, ikani pamsana kwa mphindi 10. Kenako dzolani m'manja mafuta pang'ono, ngakhale ophikira omwewa. Sisitani ndi zikhatho kuchokera m'chiuno kukwera kumapewa, mbali zonse ziwiri za fupa la msana. Pafupa penipeni musadinikize ayi. Muzifunsa kuti, "Apa mukumva bwanji, amayi?" Akakuwa, musati mankhwala akulowa. Chepetsani mphamvu.

Za kupondaponda pamsana, ine ndikuti tisiye. Agogo ambiri, makamaka amayi amene anasiya kusamba, mafupa awo amakhala osalimba, ndipo phazi la mwana wamkulu likhoza kuthyola nthiti kapena fupa la msana. Kupotokola khosi la mnzanu mpaka lilire kuti "khwaa" nakonso si masewera. Ndipo amene mumakatemetsa mphini pamsana, kumbukirani kuti lezala limodzi loyenda pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatite B.

Koma tinene zoona: mpumulo wa kutikita ndi wa maola kapena masiku ochepa. Chimene chimathandiza kwa nthawi yaitali ndi kusuntha thupi. Kugona sabata yathunthu kumangoumitsa msana. Yendani pang'ono tsiku lililonse. M'mawa, muli chigonere chagada, kokerani maondo pachifuwa, werengani mpaka 10, masulani, bwerezani kasanu. Kumunda, mukatha mzere umodzi kapena iwiri, imani chilili, gwirani m'chiuno, pendekerani kumbuyo pang'ono. Mnzanu akakusekani kuti ndi ulesi, musiyeni aseke. Ndipo inu amayi, chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, osawerengera mwana ali kumbuyo. Pochinyamula pindani maondo, chikhale pafupi ndi thupi, ndipo pemphani mnzanu wapamjigo akusenzetseni.

Tsopano mvetsetsani bwino gawo ili, chifukwa pali misana ina yosafunika kutikita konse. Pitani ku Centro de Saúde msanga ngati ululu ukukula usiku, mukutuluka thukuta usiku, mukutentha thupi kapena mukuonda popanda chifukwa. TB sigwira m'mapapo mokha. Imalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono mpaka pamsana kutuluka linunda, ndipo ikachedwa kupezeka munthu amatha kufa miyendo. Anthu amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chachikulu. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, choncho miyezi imene mukutaya mukuthowa ndi masamba ndi imene nthenda ikukula.

Ngati miyendo yachita dzanzi kapena yafooka, pakati pa miyendo simukumvapo kanthu, mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena mkodzo ukukanika kutuluka, pitani tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche kawiri. N'chimodzimodzi ngati ululu unayamba mutagwa panjinga kapena mumtengo. Mkodzo wamagazi kapena wowotcha pamodzi ndi ululu wa m'mbali mwa msana ukhoza kukhala vuto la impso kapena likodzo. Komanso katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumatentha, musamutikite, chifukwa mwina muli magazi oundana amene angathawire kumapapo.

Pali anthu amene anaphunzira ntchito ya manjayi kusukulu. Ntchito yawo imatchedwa fisioterapia. Iwo amapima mmene mukuyendera ndi mmene mukuweramira, amatikita, amawongola mfundo zouma, n'kukuphunzitsani masewera oyenera vuto lanu kuti muzikachita kunyumba. Chithandizochi chimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Provincial de Tete. Njira yake imayambira pachipatala chapafupi ndi kwanu, kumene akakupimani amakulemberani guia yokutumizani.

Mukamapita, tengani mapepala a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ngakhale ogula pamsika. Ibuprofeno ndi diclofenac, mukamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, amayambitsa zilonda zam'mimba ndipo amawononga impso. Amene muli pa ma ARV, amayi oyembekezera ndi odwala BP, funsani kaye anamwino musanamwe.