Moyo wa osewera magemu akuluakulu a pa intaneti

Lachitatu lililonse m'mawa, pa maseva (makompyuta akuluakulu oyendetsa gemu) a ku Ulaya a gemu yotchedwa World of Warcraft, zilombo zikuluzikulu zonse zimene zinaphedwa sabata yathayo zimadzukanso. Ku America zimadzuka Lachiwiri. Kwa osewera okhazikika, sabata imayambira pamenepo. Madzulo a tsikulo, anthu 20 okhala m'mizinda ndi m'mayiko osiyana amadyeratu msanga, kugoneka ana, kuvala mahedifoni n'kukhala pa kompyuta nthawi imene anapangana. Wina akachedwa ndi mphindi 15, anzake 19 amangokhala manja ali m'thumba kumudikira, ndipo akafika amayenera kufotokoza kumene anali.

Magemu a mtunduwu amadziwika ndi dzina lachidule lakuti MMORPG. Wosewera amadzipangira munthu wake wa m'gemumo, kumupatsa dzina, mtundu ndi ntchito, kenako n'kumulowetsa m'dziko lopeka limene muli kale anthu ena masauzande ambiri, aliyense ali pa kompyuta yake kwawo. Dzikolo siligona. Munthu akazimitsa kompyuta, misika ya m'menemo imapitirira kugulitsa, nkhondo zimamenyedwa, mitengo ya katundu imakwera ndi kutsika. Komanso gemuyo ilibe pothera pakuti apa wapambana, basi kazipita.

World of Warcraft, imene inatulutsidwa ndi kampani ya Blizzard ya ku California mu November 2004, ndiyo inatchuka kuposa anzake onse. Mu 2010 inali ndi anthu 12 miliyoni olipira mwezi ndi mwezi, ndipo ku America mtengo wake wakhala uli pafupifupi madola 15 pa mwezi. Alipo magemu ena ambiri: EverQuest ya mu 1999, RuneScape ya ku Britain, EVE Online ya ku Iceland, Final Fantasy XIV ya ku Japan.

Ambiri amaganiza kuti amenewa ndi masewera a ana osowa chochita. Katswiri wina, Nick Yee, anafunsa osewera oposa 30,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo zimene anapeza zinali zina. Pa avereji wosewera anali wa zaka 26. Theka la iwo anali pa ntchito yolembedwa, mmodzi mwa atatu alionse anali pabanja, ndipo ena anali ndi ana. Pa sabata ankasewera pafupifupi maola 22, kutanthauza theka la maola amene munthu amagwira pa ntchito yeniyeni. N'chifukwa chake osewera okha amatcha gemuyo ntchito yachiwiri.

Chimake cha moyo umenewu ndi gulu limene amalitcha guild. Limakhala ndi mtsogoleri, akuluakulu omuthandiza, malamulo ndi masiku ake okumana, ngati mmene kwaya ya kumpingo imakhalira: masiku ophunzira nyimbo ndi odziwika, aliyense ali ndi mawu ake oimba, ndipo wojomba kawirikawiri amaitanidwa pambali. Magulu olimbikira salandira munthu chisawawa. Wofuna kulowa amalemba kalata yofunsira malo, kusonyeza mbiri ya mmene wakhala akusewerera, kenako amayesedwa kwa masabata angapo asanavomerezedwe.

Ntchito yaikulu ya gulu ndi kulowa pamodzi m'phanga kapena m'linga la zilombo, ulendo umene amautcha raid. Masiku oyambirira a World of Warcraft, phanga la Molten Core linkafuna anthu 40 nthawi imodzi. Lero nkhondo zovuta kwambiri zimamenyedwa ndi anthu 20. Aliyense ali ndi udindo wake. Pali awiri amene amaima kutsogolo kuti chilombo chizimenya iwo okha, amenewa ndi ma tank. Pali ochiritsa anayi kapena asanu amene maso awo amakhala pa moyo wa anzawo. Otsalawo ntchito yawo ndi kumenya. Onse amamvana kudzera pa pulogalamu yolankhulirana ngati Discord, ndipo pamakhala mmodzi wolamula: thawirani kumanzere, siyani kumenya, bwerani pamodzi tsopano!

Nkhondo imodzi imatha mphindi zisanu kapena khumi. Munthu mmodzi akaima polakwika kwa masekondi awiri okha, gulu lonse likhoza kufa. Zikatero amadzuka, kukonzanso zida, kukambirana chimene chalakwika, n'kuyambiranso. Kenako kuyambiranso. Usiku wonse wa maola atatu ukhoza kutha chilombo chisanagwe, ndipo amabweranso mawa lake kapena Lamlungu. Mu 2017 gulu lotchuka la Method linagonja maulendo oposa 600 lisanaphe chilombo chotchedwa Kil'jaeden, ndipo linali loyamba pa dziko lonse kuchigwetsa. Magulu a pamwamba ngati Echo ndi Liquid, phanga latsopano likatsegulidwa, amasewera maola ofika 16 pa tsiku kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo, anthu masauzande akuonerera pa tsamba la pa intaneti la Twitch. Koma amenewo ndi ochepa. Magulu ambiri ndi a anthu wamba amene amakumana kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo chilombo chikagwa pambuyo pa mwezi wathunthu wovutika, mfuu imene imamveka m'mahedifoni ndi ya chimwemwe chenicheni.

Chikagwa chilombo, mkangano umayamba. Chimasiya zida zochepa, mwina lupanga limodzi ndi chisoti chimodzi, pamene ozifuna ndi ambiri. Osewera a EverQuest ndiwo anayambitsa njira yotchedwa DKP: aliyense amalandira mapointi malinga ndi masiku amene wabwera, ndipo mapointiwo ndiwo amagulira zida. Magulu ena amasiyira akuluakulu kuti agawe. Kumeneko n'kumene kumabadwira madandaulo a kukondera, ndipo magulu ambiri atha chifukwa cha lupanga limene kunja kwa kompyuta kulibe. Zingaoneke zachibwana, koma chimene anthuwo amalimbirana ndi maola awo amene anathera pamenepo.

Masiku opanda raid nawonso ali ndi zochita zake. Wosewera amalowa kwa theka la ola asanapite ku ntchito kapena akangoweruka, kukatola zitsamba zopangira mankhwala, kukumba miyala, kugwira tintchito ta tsiku ndi tsiku timene gemu imapereka, ndi kuona ngati katundu wake wagulidwa pa msika. Amawerenga za kusintha kwa malamulo, kuonera mavidiyo a nkhondo imene ikubwera, ndi kupenda manambala osonyeza mmene anamenyera dzulo. Zambiri mwa izi n'zotopetsa, ndipo osewerawo sabisa. Amazichita kuti asafike pa tsiku la gulu ali osakonzeka.

Popeza nthawi ndi yodula, pamapezeka ofuna kugula ndi ofuna kugulitsa. Kwa zaka zambiri ku China kunali nyumba zodzaza makompyuta mmene achinyamata ankasinthana usana ndi usiku kusonkhanitsa golide wa m'gemu kuti agulitse kwa osewera a ku America ndi ku Ulaya, ngakhale malamulo a magemuwo amaletsa. Chuma cha dziko la Venezuela chitagwa, ndalama yawo itatha mphamvu, anthu ambiri kumeneko anayamba kupha zinjoka mu Old School RuneScape n'kumagulitsa golideyo pa madola. Ena ankapeza zoposa malipiro a munthu wophunzira bwino wa m'dzikomo. Kwa iwo gemu inali munda wodyetsa banja.

EVE Online, gemu ya zombo za m'mlengalenga, inafika poti mu 2007 kampani yake ya CCP inalemba ntchito katswiri wa zachuma, Eyjólfur Guðmundsson, kuti aziyang'anira msika wa m'menemo. Mu January 2014 gulu lina silinalipire pa nthawi yake ndalama ya mwezi yosungira dera lotchedwa B-R5RB. Adani awo anapezerapo mwayi. Nkhondo imene inabuka inatha maola 21, inakoka osewera oposa 7,500, ndipo zombo zikuluzikulu 75 za mtundu wa Titan zinaphwasulidwa. Chombo chimodzi choterocho chimatenga masabata ambiri kuchimanga. Zowonongekazo ataziwerengera m'ndalama zenizeni zinakwana pafupifupi madola 300,000. Anthu anadzutsana pa foni pakati pa usiku, ena anajomba ku ntchito.

Nanga munthu wamkulu, wanzeru zake, amapezamo chiyani? Yankho lomveka bwino lili m'nkhani ya Mats Steen wa ku Oslo, m'dziko la Norway. Iye anabadwa mu 1989 ndi matenda ofooketsa minofu otchedwa Duchenne, ndipo zaka zake zambiri anakhala pa njinga ya olumala. Makolo ake ankamuona ali pa kompyuta usiku ndi usiku, mitima ikuwawa poganiza kuti mwana wawo adzachoka pa dziko osadziwa ubwenzi kapena chikondi. Anamwalira mu November 2014 ali ndi zaka 25. Banjalo litalengeza za imfayo pa intaneti, makalata anayamba kufika kuchokera m'mayiko osiyanasiyana, olembedwa ndi anthu amene makolowo anali asanawamvepo.

Anali anzake a m'gulu lotchedwa Starlight. Mu World of Warcraft, Mats anali Ibelin, mwamuna wamphamvu wothamanga m'misewu ya m'dzikomo, amene anthu ankapita kukamuuza mavuto awo. Anathandiza mtsikana wina amene makolo ake anamulanda kompyuta, powalembera makolowo kalata. Anathandiza mayi wina kuyandikana ndi mwana wake amene ankavutika kucheza ndi anthu. Kwa nthawi yaitali ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti mnzawoyo ndi wodwala. Ena anakwera ndege kupita ku maliro ake ku Oslo, ndipo mtsogoleri wa gululo analankhula pa mwambowo. Nkhaniyi inajambulidwa mu filimu ya Benjamin Ree ya mu 2024 yotchedwa The Remarkable Life of Ibelin, ndipo kampani ya Blizzard inaika mwala wa chikumbutso cha Ibelin m'nkhalango ina ya m'gemumo. Aliyense wonena kuti ubwenzi wa pa intaneti ndi wabodza ayenera kuyamba wamva nkhani imeneyi.

Komabe chingwe chomwecho chimene chimalumikiza anthu chimathanso kuwamanga. Gemu ya pa foni munthu amaisiya mwana akalira. Raid siimitsidwa, chifukwa anthu 19 akudalira iwe, ndipo kuchoka pakati n'kuwagwiritsa mwala. Apa m'pamene pamayambira mikangano ya m'banja: chakudya chikuzizira pa tebulo, mkazi kapena mwamuna akugona yekha, munthu akupita ku ntchito maso ali psuu. Makampani nawo sikuti ndi osalakwa. Mphoto zimene zimatha ukapanda kulowa lero, zida zimene zimagwa mwa mwayi, ndi zinthu zatsopano zimene zimachititsa zida zakale kukhala zachabe, zonsezi anazikonza dala kuti munthu asasiye kulipira. Mu World of Warcraft muli lamulo limene ukalilemba limakuuza nthawi yonse imene wathera pa munthu wakoyo, ndipo limawerenga m'masiku athunthu a maola 24. Osewera akale ambiri amapeza masiku mazanamazana.

Maboma ena analowererapo. Dziko la South Korea mu 2011 linaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa, koma lamulolo linathetsedwa mu 2021. Chaka chomwecho China inalamula kuti osakwana zaka 18 azisewera ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Kuno kumwera kwa Africa osewera alipo, makamaka ku South Africa, koma amasewera movutikira. World of Warcraft ilibe seva mu Africa muno, choncho wa ku Johannesburg kapena ku Lilongwe amalumikizana ndi ya ku Ulaya, ndipo chilichonse chimene wadina chimachedwa pang'ono kufika poyerekeza ndi mnzake wa ku Paris. Mwayi wake ndi wakuti nthawi yathu siisiyana kwambiri ndi ya ku Ulaya, kotero raid ya 8 koloko madzulo kumeneko imakhala madzulo kunonso. Chovuta ndi mtengo wa intaneti, kulipira kwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, ndi magetsi amene akhoza kuzima nkhondo ili pakati.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kusewera magemu kukhoza kufika pokhala matenda, ndipo zimenezi zinayamba kugwira ntchito mu January 2022. Bungweli linanenetsa kuti vutoli limagwira anthu ochepa mwa osewera, ndipo silinagwiritse kuchuluka kwa maola ngati muyeso. Limayang'ana ngati munthu akulephera kudziletsa, ngati gemu yalanda malo a zinthu zina zofunika pa moyo wake, ndiponso ngati akupitiriza ngakhale akuona kuti sukulu, ntchito kapena banja zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Kholo kapena mnzake wa m'banja wa wosewera ayambe ndi kumufunsa masiku amene gulu lake limakumana, nthawi imene amamaliza, ndi anthu amene amasewera nawo, kenako agwirizane masiku amene kompyuta izikhala yozima. Ngati zizindikiro zitatu zija zikuoneka, apite naye kwa mlangizi kapena kuchipatala.