Dongo limene limayeretsa mafuta ophikira

Ophika tchipisi pa chiwaya ku Mchengautuwa akamva kuti ntchito yanga ndi yoyenga mafuta ophikira, funso lawo limakhala limodzi: kodi alipo mankhwala obwezeretsa mafuta akuda kuti akhalenso atsopano? Ndimawamvetsa. Mafuta akwera mtengo, ndipo kuwataya n'kutaya mpamba.

Kufakitale choyeretsera chilipodi, koma ndi dongo. Mafuta a soya kapena a mpendadzuwa akangofinyidwa amakhala obiriwirako kapena ofiirira, ali ndi utomoni ndi tizitsulo, kenaka sopo wotsalira pochotsa asidi. Timawatenthetsa pa madigiri 90 mpaka 110 m'thanki yochotsedwa mpweya, n'kuthiramo dongo la bentonite lotsukidwa ndi asidi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 a mafuta. Dongoli lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo zonyansazo zimakakamira m'menemo monga mmene njere za chisoso zimamatirira pa chitenje. Pakatha theka la ola timasefa: dongo limatsala lakuda bii, mafuta n'kudutsa oyera mbee. Kuyenga kotere kumachotsanso poizoni wambiri wa chuku m'mafuta a mtedza, zimene kufinya kwa pakhomo sikungathe.

Nthawi zina timaonjezera makala apadera, owotchedwa ndi nthunzi pa madigiri oposa 800 mpaka galamu imodzi kukhala ndi malo omatirira oposa masikweya mita 500. Makala a pambaula sanafikepo pamenepo. Kuwaponya m'chiwaya n'kungothiramo phulusa.

Dongo silisankha, limatenga ndi zabwino zomwe. N'chifukwa chake vitamini A, amene a Malawi Bureau of Standards amafuna m'mafuta ogulitsidwa m'dziko muno, timamuthira kuyenga konse kutatha.

Tsono mafuta a pa chiwaya vuto lawo ndi lina. Moto, mpweya ndi madzi a m'mbatatesi zimaphwanya mafuta enieniwo, zidutswazo n'kulumikizana kukhala zinthu zomata zimene mumaziona m'mbali mwa chiwaya. Malesitilanti akuluakulu kunja amasefa ndi ufa wa magnesium silicate, umene umachepetsa asidi ndi kuda, mafuta n'kutha masiku ochulukirapo, koma zomatazo zambiri zimatsalamo. Ku Germany mafuta amayesedwa osayenera kudya zowonongeka zikapitirira 24 pa 100 alionse, kaya akuoneka bwanji. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ufa kapena dongo zingayeretse mafuta otha ntchito, wogula n'kudyetsa ana ake osadziwa, poti kuda kuja ndiko kumamuchenjeza.

Chimene wophika angachite n'chotsika mtengo. Madzulo mafuta akazizira asefeni pa nsalu yoyera, chifukwa nyenyeswa zopserera ndizo zimawawononga msanga. Avundikireni, mchere muzithira mutachotsa tchipisi pamoto, ndipo moto usafike pofukitsa mafuta. Akayamba kuchita thovu losatha, kulemera pothira, kapena kufuka moto usanakole, atayeni. Musawasakanize ndi atsopano.