Filimu za pa ulendo wa ku Joni

Basi ya ku Johannesburg ikanyamuka ku Blantyre imadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo wokwera amachezera pampando usiku wonse. Akangodutsa chipata cha Mwanza, bandulo ya kumudzi imasiya kugwira ntchito. Ndiye chifukwa chake anthu ozolowera msewuwu amanyamuka laputopu kapena foni itadzaza kale ndi filimu, ngakhale kunyumba ali ndi mulu wa ma DVD pansi pa TV.

Chimbale n'chovuta kuyenda nacho. Chimakalika m'chikwama, chimadumphadumpha basi ikagunda bampu, ndipo kuchizunguza kumadya batire. Komanso malaputopu ambiri a masiku ano alibe polowetsa chimbale. Apple itatulutsa MacBook Air yopanda malowa mu 2008, makampani ena anatsatira pang'onopang'ono.

Kusamutsa filimu kuchoka pa chimbale kupita pa laputopu si ntchito yofuna katswiri. Pamafunika draivi ya DVD, kaya ya m'kompyuta momwemo kaya yolumikiza pa USB, ndi pulogalamu yaulere monga HandBrake, yomwe yakhalapo kuyambira 2003. DVD imanyamula 4.7 GB, ina mpaka 8.5 GB, koma pulogalamuyi imapanikiza filimu ya maola awiri kukhala fayilo ya MP4 ya pakati pa 1 GB ndi 2 GB, yooneka bwinobwino pa sikirini yaing'ono. Chofunika kusamala ndi posankha: chimbale chimodzi chimakhala ndi zigawo zingapo, ndipo filimu yeniyeni nthawi zambiri ndi chigawo chachitali koposa. Wopupuluma amakazindikira ali pa Tete kuti wanyamula zotsatsa malonda.

Vuto lili pa zimbale za ku Hollywood. Zambiri zili ndi loko yotchedwa CSS, komanso zinagawidwa m'madera: America ndi dera 1, South Africa ndi Ulaya dera 2, pomwe Malawi ndi mayiko ambiri a mu Africa ali m'dera 5. Choncho chimbale chogula ku Joni chingakanidwe ndi makina a dera lina, ndipo draivi ya kompyuta imalola kusintha dera kasanu kokha. Mu 1999 mnyamata wa ku Norway, Jon Lech Johansen, pamodzi ndi anzake anatulutsa DeCSS, pulogalamu yothyola lokoyi. Anamuimba mlandu, koma mu 2003 khoti linamupeza wosalakwa. Ku America kuthyola loko yotere n'koletsedwa ndi lamulo la 1998. Ku Britain boma linaloleza kukopera zinthu zako mu 2014, khoti n'kuthetsa chilolezocho chaka chotsatira.

Kuno tili ndi lamulo la kukopera la 2016, ndipo bungwe la COSOMA limatolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo ndi filimu n'kugawira eni ntchito. Ine ndimaona kuti wogula chimbale ndi ndalama zake ayenera kuonera filimuyo paliponse pomwe wafuna. Koma kuikopera pa fulashi ya aliyense wokhala naye pafupi m'basi ndi nkhani ina. Filimu ngati The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah inadya ndalama zambiri popanga, ndipo msika wa filimu zathu ndi waung'ono kale.

Zimbale zofunika kuzipulumutsa msanga ndi zopanda loko zija: za ukwati, za chinkhoswe, za kwaya ya kumpingo. Izi zinabenedwa pa DVD-R, yomwe imasunga zithunzi pa utoto womwe umawonongeka ndi dzuwa komanso kutentha. Tembenuzani chimbale cha ukwati wa mu 2009 muone kunsi kwake kofiirira: mizere ya zikande, chidindo cha chala cha mwana, mwina kadontho koyezuka chakumphepete. DVD imawerengedwa kuchokera pakati kupita kunja, motero chikande chakumphepete chimadya mathero a mwambo, nthawi ya perekaniperekani, pomwe agogo omwe anatisiya anadzuka kukavina. Chimbale chotere chipukuteni ndi kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Mukachikopera, fayiloyo muisunge malo awiri, ina mutumize kwa achibale omwe ali ku Joni.