Berthe Morisot, Mayi Wojambula Panja

Kale ku France anthu ojambula zithunzi ndi utoto wa mafuta ankagwira ntchito yao m'nyumba. Utotowo ankausunga m'zikhodzodzo za nkhumba, ndipo kuyenda nawo kunali kovuta. Zinthu zidasintha mu 1841, pamene John Goffe Rand wa ku America adapanga timachubu ta chitsulo chofewa totsekeka bwino. Kuyambira pamenepo wojambula ankatha kunyamula utoto, maburashi ndi chinsalu chake, n'kukakhala kumene anthu achuma amapitidwa mphepo.

Chaka chomwecho kudabadwa Berthe Morisot. Masiku amenewo mtsikana wa banja lolemera ankaphunzitsidwa kujambula kuti azingotayirako nthawi, ndipo akakwatiwa ankayembekezeka kuleka. Koma iye sadaleke. Mu 1874 adaonetsa zithunzi zake ku Paris pamodzi ndi Claude Monet, Renoir ndi Degas. Chaka chomwecho adakwatiwa ndi Eugène Manet, amene adamlimbikitsa pa luso lake.

Popeza mayi waulemu sankaloledwa kukhala m'nyumba za mowa monga amuna, Morisot ankajambula m'minda ya maluwa ndi ku Bois de Boulogne, kumene akazi apamwamba ankapita kukaonetsa madiresi, zipewa ndi maambulera. Cha mu 1879 adajambula akazi awiri otchena ali m'bwato pa kanyanja ka kumeneko. Chithunzicho tsopano chili ku National Gallery, ku London.

Ntchito ya panja njofuna changu. Dzuwa limasendera, madzi amagwedezeka, wojambulidwa amatopa. N'chifukwa chake burashi yake inkathamanga, kusiya timizere tokhotakhota m'malo mosalaza kalikonse. Ena adanyoza kuti zithunzizo nzosamaliza, komatu munthu akaima chapatali amaona nsalu ikuwala ngati yeniyeni.

Pa zionetsero 8 za gulu lao, iye adajomba chimodzi chokha, cha mu 1879, atangobereka mwana wake Julie. Adamwalira mu 1895 ali ndi zaka 54, atadwala chibayo posamalira mwanayo. Chomvetsa chisoni nchakuti pa chikalata cha imfa yake adalembapo kuti analibe ntchito.

Tsono mwana wamkazi akamajambula pa mchenga kapena kukongoletsa chipupa ndi dothi, tisamkalipire kuti akutaya nthawi. Timpatse pensulo ndi pepala, ndipo akadzakwatiwa tidzamkumbutse kuti luso lake apite nalo ku banja.