Ulamuliro Wolukanalukana: Umboni wa Chiyankhulo Kuchokera ku Mkaika, Katete

1. Mawu Oyamba

Akatswiri ofufuza zinthu zolukanalukana, monga a ku Santa Fe Institute yomwe idakhazikitsidwa mu 1984, amati pagulu la zigawo zambiri zodalirana, dongosolo silichokera pamwamba pokha ayi, koma limabadwa m'kuchitirana kwa zigawozo. Elinor Ostrom, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2009, adasonyezanso kuti ulamuliro wogawana umatha kusamala chuma cha onse. Cholinga cha pepala lino nkuonetsa kuti ganizo limeneli lidakhazikika kale m'mawu a utsogoleri wa Achewa.

2. Mayina a Udindo

Mfumu yaikulu ya Achewa, yokhala ku Mkaika m'boma la Katete, imatchedwa Kalonga Gawa Undi. Dzina loti Kalonga limagwirizana ndi mneni "kulonga" mafumu, loti Gawa ndi "kugawa" malo, pamene loti Undi amalimasulira kuti woteteza anthu ake. Tione kuti aneni awiri oyambawo akunena za kupereka mphamvu kwa ena, osati kuisunga.

Mphamvuyo imafalikira kwa mafumu monga Kawaza ndi Mbang'ombe ku Katete ndi Pembamoyo ku Vubwi, kenaka kwa nyakwawa, eni mbumba ndi ankhoswe. Mlandu umayamba kuunikidwa ndi ankhoswe, ndipo umafika pabwalo pokhapokha wakanika m'munsimo.

3. Kulamba

Pa mwambo wa Kulamba, m'mwezi wa Ogasiti, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amapereka mitulo nafotokoza za moyo wa m'madera mwawo. Motero mutu umamva zimene thupi likumva. Atsamunda adaletsa mwambowu mu 1934, ndipo udayambiranso mu 1984. Kwa zaka 50 zimenezo ufumu sudafe, pakuti unkhoswe ndi mabwalo a m'midzi sizidaleke kugwira ntchito.

4. Mathero

Pali phunziro kwa aphunzitsi ndi omasulira. Tikamamasulira utsogoleri ngati "kulamula" chabe, timataya kulonga, kugawa ndi kumvera. Chimodzimodzinso wofuna kuthetsa maukwati a ana akayankhula ndi mfumu yokha, nasiya ankhoswe ndi anamkungwi, mawu ake amathera pabwalo. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.