Kumene kunachokera mawu akuti komboni

BINDURA, Zimbabwe: Ku Chiwaridzo, dera lina la tawuni ya migodi ya Bindura, kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ambiri mwa makolowo ankakhala m'komboni. Mawu amenewa anachokera ku liwu la Chingerezi lakuti compound, lomwe lili ndi magwero awiri osiyana.

Gwero loyamba ndi liwu la Chilatini lakuti componere, kutanthauza kuika pamodzi, lomwe linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Pa sayansi, compound ndi chinthu chopangidwa ndi zinthu ziwiri kapena zingapo zolumikizana, monga madzi, omwe muli haidirojeni ndi okosijeni. Ku banki, compound interest ndi chiwongoladzanja chimene nachonso chimabereka chiwongoladzanja, n'chifukwa chake ngongole yochedwa kubwezedwa imakula msanga. Pa galamala, liwuli limaimira mawu awiri ophatikizidwa, monga mmene kuwongola ndi dzanja zinapangira chiwongoladzanja.

Koma komboni sinachokere kumeneko. Akatswiri a zilankhulo amati compound ya malo okhala inachokera ku liwu lakuti kampung, lomwe m'chilankhulo cha ku Malaysia ndi Indonesia limatanthauza mudzi kapena malo otchingidwa ndi mpanda. Amalonda a ku Ulaya analitengera kumeneko m'zaka za m'ma 1600.

Kum'mwera kwa Africa liwuli linasintha nkhope. Kuyambira mu 1885, eni migodi ya dayamondi ku Kimberley ankatsekera antchito akuda m'mipanda mpaka kontirakiti yawo ithe, ati pofuna kuletsa kuba miyalayo. Migodi ya ku Johannesburg ndi ku Rhodesia nayonso inamanga makomboni. Ku Lusaka dzinali linakhazikika pa madera monga Kanyama ndi Chawama.

Ku Zimbabwe, kubadwira m'komboni kunachititsa kuti ambiri aziyesedwa alendo opanda mudzi, ndipo ena anavutika kupeza ziphaso za unzika. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anavomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndi nzika yobadwa ngati ankakhala m'dzikomo.

Motero liwu limene poyamba linkatanthauza mudzi linadzakhala dzina la malo a anthu amene ankanenedwa kuti alibe mudzi.